Chilimira: l kapena r?

Aphunzitsi anzanga ndi inu ana anga akale, tsiku lina ndikuchonga chimangirizo, ndinapeza kuti mwana wa msodzi wa ku Chia walemba "chirimila". Ndinamudula malikisi. Iye anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, bambo anga akamatchula khoka lawo, l ndi r amasiyana pati?" Ndinasowa pogwira.

Yankho lake lili m'mbiri. Mu 1968, msonkhano wa Malawi Congress Party unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha fuko. Mu 1972 boma la Kamuzu linakhazikitsa Chichewa Board, yomwe mu 1973 inatulutsa malamulo a kalembedwe. Ife tinayamba kulemba ch, pamene anzathu a ku Zambia amalembabe "Cinyanja". Chilembo cha ŵ, chimene Kamuzu ankachikonda, ambiri lero anachisiya.

Lamulo la l ndi r limati r abwere pambuyo pa i kapena e, monga mu "kulira" ndi "kulera", koma l akhale koyambirira kwa tsinde la mawu. Ndiye chifukwa chake timalemba "chilimira". Koma m'kamwa mwa Mchewa, awiriwa ndi liwu limodzi. Kuwasinthanitsa sikusintha tanthauzo.

Choncho mwanayo analakwitsa kalembedwe, osati chiyankhulo cha makolo ake. Lamulo tiziphunzitsa ndithu, pakuti mayeso amalifuna. Koma tiziwauzanso ana kuti analipanga ndi anthu okhala pa tebulo, ndipo bambo awo pa bwato sayankhula Chichewa chothyoka.