Zeolite: mwala umene unathandiza odwala kupuma

Mu June ndi July 2021, Covid-19 itafika pachimake mu Lusaka, nkhani imene inali m'kamwam'kamwa ku Kanyama, Matero ndi Chawama inali ya okosijeni. Achibale ankathamanga uku ndi uku kusaka masilinda. Odwala ena anapulumukira pa kamakina kamagetsi kolira phuu, phuu pambali pa bedi. M'kati mwa kamakinako muli timikanda totuwa totchedwa zeolite. Mumpweya timapumawu, magawo 78 pa 100 ndi nayitirojeni. Timikandato timagwira nayitirojeniyo, okosijeni n'kupitirira kwa wodwala.

Mbiri ya zeolite inayamba mu 1756, pamene Axel Cronstedt wa ku Sweden anawotcha mwala wina n'kuona ukufuka nthunzi ngati ukuwira. Madzi anali atabisala m'timabowo tosaoneka ndi maso. Panadutsa zaka pafupifupi 200 anthu akungoudabwa mwalawo, mpaka m'ma 1940 pamene Richard Barrer ku England anayamba kuupanga yekha mu labotale. Robert Milton ndi Donald Breck a kampani ya Union Carbide ku America anatsatira, napanga mitundu yotchedwa A, X ndi Y.

Apa m'pamene pagona luso. Zeolite ili ngati sefa ya ufa, koma maso ake ambiri safika nanomita imodzi, ndipo wopanga amatha kuwachepetsa kapena kuwakulitsa. Mu zeolite A, akaikamo potaziyamu bowo limachepa, akaikamo kashiamu limatseguka. Akasintha muyeso wa silikoni ndi aluminiyamu mu zeolite, ukali wake umasinthanso. Mu 1962 kampani ya Mobil inayamba kugwiritsa ntchito zeolite pophwanya mafuta olemera kuti atuluke petulo wochuluka, ndipo kufikira lero petulo wambiri wapadziko amapangidwa motero. Zeolite A inalowanso mu sopo wa ufa, m'mene imafewetsa madzi a laimu ngati amene amasiya zoyera m'maketulo athu.

Chimene chimandiwawa n'chakuti timakina ta okosijeni timagula kunja ndi madola, timikanda tili kale m'kati, chonsecho zopangira timikandato sizosowa. Akatswiri anaonetsa kale kuti zeolite imapangika kuchokera ku dongo loyera ndiponso ku phulusa la malasha, ndipo ku Maamba akhala akuwotcha malasha popanga magetsi kuyambira 2016. Yunivesite ya Zambia, yoyandikana ndi Kalingalinga, ili ndi dipatimenti ya kemisitire. Boma liipatse ndalama, ana athu ayese phulusa limenelo.