Bisphenol A m'matumbo a munthu

Bisphenol A, mwachidule BPA, ndi mankhwala opangira pulasitiki wolimba wa polycarbonate komanso utomoni umene amamata m'kati mwa zitini za chakudya. Anapangidwa koyamba mu 1891 ndi wasayansi wa ku Russia, Aleksandr Dianin. Ali m'gulu la mankhwala osokoneza mahomoni chifukwa m'maselo amatha kuchita ngati homoni ya estrogen. Anthu ambiri amamudyera m'chakudya ndi m'zakumwa, ndipo amasungunukira kwambiri m'zinthuzi chotengeracho chikatenthedwa.

BPA akafika m'matumbo aang'ono amayamwidwa msanga, pafupifupi yense. Koma salowa m'magazi mmene wabwerera. M'maselo a khoma la matumbo muli ma enzyme otchedwa UGT amene amalumikiza BPA ku glucuronic acid, kachinthu kochokera ku shuga. Wotsalayo amapita ndi magazi ku chiwindi, chimene chimagwira mbali yaikulu ya ntchitoyi. BPA wolumikizidwa chonchi sachitanso ngati estrogen, ndipo amasungunuka m'madzi, moti impso zimamutulutsa mu mkodzo pafupifupi yense m'maola 24. Mwa munthu wamkulu, gawo lofika m'thupi lonse lisanasinthidwe ndi lochepa kwambiri.

Chitetezo chimenechi chili ndi mipata. Mabakiteriya ena a m'matumbo amapanga enzyme ya beta-glucuronidase, imene imamasula BPA uja n'kukhoza kuyamwidwanso. Zimenezi zimachitika kwambiri mwa makoswe, chifukwa chiwindi chawo chimatayira BPA mu ndulu imene imabwerera m'matumbo. N'chifukwa chake zotsatira za kafukufuku wa makoswe siziyenera kungotengedwa ngati za anthu. Makanda nawonso amabadwa ma enzyme awo a UGT asanakhwime. Ndiye pali BPA wa pa malisiti ena a m'masitolo: ameneyu amalowera pakhungu, osadutsa kaye m'matumbo ndi m'chiwindi.

Akatswiri amasiyana maganizo pa kuopsa kwa kagawo kopulumukako. Mayiko a European Union analetsa BPA m'mabotolo oyamwitsira ana mu 2011. Mu 2023 bungwe lawo loona za chakudya, EFSA, linatsitsa maulendo 20,000 mlingo umene munthu angalandire patsiku popanda vuto, koma bungwe la BfR la ku Germany linatsutsa mlingo watsopanowo ponena kuti watsika mopitirira.