Khonde ndi Maluwa Ake m'Nyengo ya Chisanu: Mbiri ya Mwambo wa ku Ludzi

Dera la Ludzi, m'boma la Mchinji, lili pamalo okwera mamita oposa 1,000 poyerekeza ndi nyanja yamchere, ndipo n'chifukwa chake kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti usiku kumazizira mpaka mano kuguguda, pamene usana kumakhala kouma, kwafumbi ndi kwadzuwa lofooka. Nyumba zosanjikizana n'zosowa kumeneko, kotero kuti khonde la m'mwamba limene limaoneka pa nyumba zazitali za ku Lilongwe ndi ku Blantyre silidazike mizu. Chimene chilipo, ndipo chakhalapo kuyambira kale, ndi khonde la pansi, lomwe ndi chiunda chokwera pang'ono chotsamira khoma ndi chophimbidwa ndi denga. Mbiri ya zomera za m'zitini zimene lero zimandanda pamakonde a kumeneko ndi yaifupi, koma siingamveke popanda kuyamba ndi mbiri ya khondelo, pakuti maluwa adapeza malo okonzakonza ndi manja ozolowera kale kuwasamala.

Khonde lidabadwa chifukwa cha mvula. Nyumba yakale ya Achewa inali yozungulira, yomangidwa ndi nsichi, zomwe ndi mitengo yozikidwa pansi, yolukidwa ndi luzi kenaka n'kumatidwa dothi, ndipo khoma lotere likamenyedwa ndi mvula ya dzinja limasungunuka kuyambira kunsi. Mmisiri ankatalikitsa phaso la denga kuti udzu utuluke kunja kwa khoma, n'kulichirikiza ndi mizere ya mitengo yotchedwa nsanamira, ndipo pansi pa mthunziwo amayi ankaunjika dothi ndi kulitsendera kuti madzi a m'bwalo asafike pa khoma. Komatu chodabwitsa n'chakuti malo omangidwira mvulawa anthu ankawagwiritsa ntchito kwambiri mvula itatha. M'dzinja banja limakhala kumunda kuyambira mbandakucha, pamene m'nyengo ya chisanu, zokolola zitalowa m'nkhokwe, moyo wonse umabwerera pakhomo: kutongola chimanga, kuswa mtedza umene Mchinji imatchuka nawo, kuluka mphasa ndi malichero, kuyanika mfutso, womwe ndi masamba ofutsidwa ndi kuumitsidwa kuti adzadyedwe m'chilimwe, zonsezi zimachitikira pakhonde kapena pafupi nalo.

Ntchito imene idapatsa khonde ulemu wake ndi kuzira, ndipo iyenera kufotokozedwa bwino chifukwa ndiyo kholo la maluwa a lero. Mayi ankapita kudambo kukatapa mtsiro, dothi lakuda lonona lopanda miyala, n'kulikanda ndi madzi m'phale, kenaka atagwada ankalipaka ndi chikhatho mozungulirazungulira, akubwerera chambuyo kuti asaponde pomwe wazira. Dothi likayamba kuuma ankalikulunga ndi nkhulungo, mwala wosalala wa kumtsinje, mpaka pansi pachite kung'anima, ndipo ena ankalemba mzere wa dothi lofiira kapena loyera m'munsi mwa khoma. Palibe amene ankalamula zimenezi, koma mudzi wonse unkaweruza: pakati pa anthu otsata chikamwini, mwambo umene mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi, nyumba ankamanga ndi mkamwini koma maonekedwe a pakhomo anali mbiri ya mkazi wake, ndipo mlendo akati "Odi!" ankayalidwira mphasa pakhonde, osalowa m'nyumba. Choncho khonde linali chipinda cholandirira alendo kalekale Achewa asanamve za balaza.

Kusintha kwa kamangidwe kudabwera ndi ulamuliro wa atsamunda ndi mishoni. Mu 1898 asilikali a Britain adagonjetsa Angoni a Mpezeni, ndipo linga la Fort Manning, lotchulidwa dzina la msilikali William Manning, lidakhala likulu la boma lomwe pambuyo pa ufulu lidatchedwa Mchinji. Azungu a m'Nyasaland ankamanga nyumba zamakona anayi zozunguliridwa ndi khonde lalikulu, kamangidwe kamene adakatengera ku India, ndipo chitsanzo chake chotchuka ndi Mandala House ya ku Blantyre, yomangidwa mu 1882, yomwe ili ndi khonde pansi ndi pamwamba pomwe. N'zochititsa chidwi kuti Azunguwo adasiya mawu awo n'kutenga mawu akuti khonde kuwalowetsa m'Chingerezi chawo cha m'dziko muno, zimene zili umboni wakuti chinthucho adachipeza chilipo. Iwo adabweretsa ukulu wake, njerwa zootcha ndi chizolowezi chokhalapo popanda ntchito m'manja. Adabweretsanso zomera zambiri zachilendo, zina kudzera m'munda wa zomera wa ku Zomba umene Alexander Whyte adauyambitsa mu 1891.

Ku Mchinji njira yaikulu ya zomerazi inali mishoni za Akatolika. Ansembe a chipani cha White Fathers, chimene Kadinala Charles Lavigerie adachiyambitsa ku Algiers mu 1868, adakhazikika ku Kachebere, m'malire ndi dziko lomwe lero ndi Zambia, mu 1903, ndipo kuchokera kumeneko ntchito yawo idafalikira ku Guilleme, kenaka ku Ludzi m'zaka za m'ma 1940. Pambuyo pake kudabwera masisitere a Sisters of Charity of Ottawa, chipani chimene Élisabeth Bruyère adachiyambitsa ku Canada mu 1845, ndipo dzina lawo ndi lolumikizana ndi sukulu ya sekondale ya atsikana ya Ludzi komanso chipatala cha pamishonipo. Nyumba za mishoni zinkamangidwa ndi makonde aatali olumikiza zipinda, ndipo tchalitchi cha Katolika chimafuna maluwa pafupifupi chaka chonse: pa guwa pa masiku a Mulungu, ndiponso pa chaka cha Thupi ndi Magazi a Ambuye, chimene chimagwa kumapeto kwa Meyi kapena m'Juni, pamene ana amamwaza maluwa m'njira ya mdipiti. Kufunika kumeneku kudali ndi chotsatira chake, pakuti maluwa a kutchire amasowa mvula ikatha, ndipo amene akufuna duwa m'Juni ayenera kulibzala yekha ndi kulithirira.

Atsikana ophunzira pamishoni, ophika, olima m'minda ya ansembe ndi amayi odikirira odwala kuchipatala ndiwo anthu amene ankaona zomerazi tsiku ndi tsiku, ndipo zambiri mwa izo zili ndi khalidwe limodzi limene lidazithandiza kufalikira: zimamera ndi kanthambi chabe. Munthu safunika kugula mbewu. Amangopempha kuti amuthyolereko, n'kukulunga kanthambiko m'nsonga ya chitenje, kukafika nako kwawo n'kukazika m'chitini. Mpaka lero duwa la pakhonde kawirikawiri limakhala ndi mzere wa eni ake akale, ndipo mayi amatha kunena kuti ili adalitenga kwa alamu ake, ilo kwa aphunzitsi, lija ku maliro a kutsidya. Mayina a m'mabuku sadafike nawo m'midzi, motero ambiri amangoti maluwa, n'kuwasiyanitsa ndi mtundu kapena ndi dzina la amene adawapatsa.

Komabe maluwa sakanakhazikika pakhonde la dothi lozunguliridwa ndi mbuzi kukadapanda ndalama za malata ndi simenti. Amuna amene ankapita kukagwira ntchito ku Halale ndi ku Joni, ena kudzera m'makampani olemba anthu ntchito a Mthandizi ndi Wenela, ankabwerako ndi njinga, makina osokera ndi chithunzi cha nyumba yamakona anayi m'mutu. Dr. Hastings Kamuzu Banda ankabwereza kawirikawiri kuti munthu aliyense ayenera kukhala ndi chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha, ndipo alangizi a zapakhomo ankayendera amayi kuwaphunzitsa ukhondo ndi kukongoletsa pakhomo. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima fodya wa bale amene kale ankalimidwa ndi maesiteti okha, nyumba zanjerwa zidachuluka m'midzi ya ku Mchinji. Khonde latsopano lidakhala laling'ono, la kutsogolo kokha, lokhala ndi kakhoma kofika m'chiuno, ndipo nkhulungo idalowedwa m'malo ndi polishi wofiira wa Cobra ndi burashi. Manja adali omwewo, kugwada kudali komweko, ndipo kakhomako kadakhala shelefu ya zitini za maluwa.

Chisamaliro cha zomerazi m'nyengo ya chisanu chili ndi nzeru zake zimene sizidalembedwe m'buku la ulimi, ndipo nzeru yoyamba ndi ya dzuwa. Mchinji ili pafupifupi madigiri 14 kummwera kwa equator, mzere wogawa dziko pakati, kotero kuti m'Juni ndi Julayi dzuwa limadutsa chakumpoto, ndipo khonde loyang'ana kumpoto kapena kummawa limalandira kuwala kolowa mpaka pakhoma, pamene loyang'ana kummwera limakhala mumthunzi tsiku lonse ndipo limayang'anizana ndi mwera, mphepo yozizira yochokera kummwera chakummawa. Mayi wodziwa amasamutsa zitini zake kuzitsata dzuwa monga momwe agogo amasunthira mpando wandalema pootherera m'mawa. Khoma lanjerwa limasunga kutentha kwa usana n'kumakutulutsa pang'onopang'ono usiku, ndipo denga limatchinga kuzizira kotsika kumwamba kukakhala kopanda mitambo, kumene zaka zina kumawaula masamba a m'madimba a kudambo, komwe mpweya wozizira umakadikha. Chomera cha pakhonde chimapulumuka usiku umene tomato wa kudimba amapsa.

Nzeru yachiwiri ndi ya madzi, ndipo ndi pano pamene chikondi cha mwini maluwa chimayesedwa, chifukwa ndowa iliyonse imachokera kumjigo kapena kuchitsime pamutu pa munthu. Chitini cha mafuta ophikira kapena chigubu chodulidwa pakati chimabooledwa pansi ndi msomali, timiyala kapena tizidutswa ta phale timaikidwa poyamba, kenaka dothi losakaniza ndi mchenga ndi manyowa owolerana a m'khola. M'nyengo yozizira mizu imamwa mochepa, ndipo wothirira tsiku ndi tsiku amaoletsa chomera chake, komanso mphepo youma imatha kuumitsa kachitini kakang'ono m'masiku awiri. N'chifukwa chake amayi amapisa chala m'dothi asanathire, ndipo amathira m'mawa dzuwa litakwera kuti mizu isagone m'madzi ozizira. Madzi otsukira mpunga kapena ndiwo zamasamba satayidwa. Fumbi la m'bwalo likakuta masamba amalipukuta ndi kansalu konyowa, nsabwe za m'masamba zikabwera amawaza phulusa, ndipo popeza pambuyo pa kukolola mbuzi ndi nkhuku zimasiyidwa kuti ziziyenda momasuka, chitini chilichonse chobiriwira chimakwezedwa pakakhoma, kupachikidwa ndi waya kuphaso, kapena kutchingidwa ndi minga.

Mwa zomera zonse za pakhomo, imene imasimba bwino mbiri ya ulendo wake ndi poinsettia, kamtengo kochokera ku Mexico kamene masamba ake akunsonga amasanduka ofiira usiku ukatalika. Ku Ulaya ndi ku Canada, kumene amishoni ambiri adachokera, usiku umatalika m'Disembala, ndipo duwali amalidziwa ngati la Khirisimasi ndi kulisunga m'nyumba poopa kuzizira. Kuno limafiira kuyambira Meyi mpaka Julayi, panja, litakula kupitirira munthu, nthawi imene tchire lonse layamba kuuma. Bougainvillea, yochokera ku South America, nayonso imachita maluwa ambiri ikamva ludzu, pamene geranium, amene kwawo ndi ku South Africa, adayenda ulendo wozungulira kudzera m'minda ya Azungu asanafike m'zitini za kuno. Pambali pa zokongoletsazi pamakhalanso alovera wopaka pa chilonda cha moto, tsabola wa kambuzi ndi anyezi wamasamba, chifukwa mayi wa kumudzi sasiyanitsa kwenikweni munda wa maso ndi munda wa mphika.

Kakhalidwe ka pakhonde m'miyezi imeneyi kamatsata dzuwa lomwelo. M'mawa ana amakhala chogwada atafunda zitenje, manja atagwira kapu ya tiyi ndi mbatata yootcha, akuothera dzuwa loyamba. Masana amayi amakhala atatambasula miyendo, lichero la mtedza pamiyendo, wailesi ikulira pawindo. Madzulo mbaula imatulutsidwa, ndipo kale imeneyi ndiyo inali nthawi ya nthano ndi zilapi, pamene kutali ng'oma za gule wamkulu zinkamveka bwino m'mpweya wouma. Ndi zomvetsa chisoni kuti nyumba zambiri zatsopano za m'misika ya m'mbali mwa msewu wa Lilongwe–Mchinji zikumangidwa m'kati mwa mipanda yanjerwa, makonde ake atatsekedwa ndi zitsulo poopa akuba, chifukwa khonde losaonekera kunjira limataya theka la ntchito yake: wodutsa sapereka moni, ndipo sapempha kanthambi. M'midzi yozungulira Ludzi zimenezi sizidafike ponseponse. Kumapeto kwa Ogasiti mphepo ikayamba kufunda ndipo mitengo ya tsamba ikatulutsa masamba ake ofiira, zitini zimachotsedwa pa dzuwa n'kubwezedwa mumthunzi, poinsettia amadulidwa nthambi, ndipo nthambizo zimamangidwa m'timitolo todikira anansi amene adapempha kale m'Juni.