MBIRI YA CIMANGA NDI NDIWO ZACE

Pa zakudya zonse zimene Mulungu anatipatsa m'dziko lino, palibe cina cimene ticilemekeza monga cimanga. Munthu angadye mbatata ndi maungu kufikira mimba itauma gwa, koma akapanda kuona nsima madzulo, m'mawa mwace adzauza anzace kuti anagona ndi njala. Cifukwa ca ici ambiri a ife tiyesa kuti cimanga ndico cakudya ca makolo athu ciyambire kale lomwe, ndi kuti munthu wokhuta nsima wadya bwino. Tsono tiyeni, abale, tifunse mbiri, pakuti iyo idzatiuza kumene cinacokera cimanga, ndi zimene zinagwera anthu nthawi zonse pamene anacisiya cokha m'mbale, osacipatsa ndiwo zoyenera.

Kwao kwa cimanga ndi ku Mexico, tsidya lija la nyanja yaikuru ya Atlantic, kumene eni dziko anayamba kucilima zaka ngati 9,000 zapitazo. M'Afrika monse munalibe ngakhale phesi limodzi kufikira Columbus ataoloka nyanjayo m'caka ca 1492. Pambuyo pace zombo za Apwitikizi zinatengera mbeuyi ku magombe a Afrika, ndipo kucokera kumeneko inalowa pang'ono pang'ono m'kati mwa dziko, potsata njira za malonda. Makolo athu asanaione, nsima yao inali ya mapira, mawere ndi mcewere, zimene akazi anapera pamphero.

M'caka ca 1859 David Livingstone anayenda pakati pa Amang'anja m'cigwa ca Shire ndi m'mapiri a pamwamba pace, nalemba zimene anaziona m'minda yao. Mbeu yaikuru inali mapira; pambali pace panali mawere, nyemba, mtedza, zilazi, mpunga, maungu, nkhaka, cinangwa ndi mbatata. Cimanga cinalipo ndithu, koma cinali cimodzi mwa zambiri.

Nanga cinapambana bwanji zinzace? Mapira akayamba kuca afuna ana oingitsa mbalame kuyambira m'bandakuca kufikira dzuwa litalowa, pamene cimanga cibisala m'makoko ace. Cimanga cica msanga, ndipo dowe adyedwa pa nyengo yomwe nkhokwe zatha. Ndiponso Angerezi atakhazika Boma lao m'caka ca 1891, nayamba kukhometsa msonkho, amuna ambiri anacoka m'midzi kukagwira nchito ku minda ya Azungu, ku Salisbury ndi ku migodi ya Johannesburg. Ndipo akazi otsala okha anasankha mbeu yosafuna manja ambiri. Olemba nchito naonso anapeza kuti ufa wa cimanga ndiwo phoso losabvuta kugula, kusunga ndi kugawa. Potero mlendo uja anasanduka mwini mudzi.

Koma mbeu inaoloka nyanja yokha, nzeru ya eni ace inatsalira kwao. Anthu a ku Mexico asanapere cimanga anayamba aciphika ndi kucibviika m'madzi a laimu kapena a phulusa la nkhuni, nacidya pamodzi ndi nyemba ndi maungu. Lero tidziwa phindu la mwambo uwu. M'cimanga muli kanthu kofunika ku thupi kochedwa niacin, ndiko kamodzi ka mavitamini. Koma kali komangika, kotero kuti mimba ya munthu singathe kukamasula, ndipo madzi a phulusa ndiwo akamasula. Amai athu analidziwa phulusa, pakuti anapanga nalo cidulo. Koma cidulo cathu cinalowa mumphika wa therere, sicinafike ku cimanga. Cimene cinatichinjiriza ife ndi ndiwo: nsinjiro, nyemba, khobwe, nandolo, nsomba, mbewa ndi ngumbi. M'zimenezi thupi linapeza cimene nsima inalimana.

Kumene ndiwo zotere zinasowa, nthenda inadza. M'caka ca 1735 sing'anga wa ku Spain, dzina lace Gaspar Casal, anaona nthenda yacilendo pakati pa alimi osauka a ku Asturias, amene cakudya cao cinali cimanga tsiku ndi tsiku. Pambuyo pace anthu a ku Italy anaicha pellagra, ndiko kunena khungu lokakala. Khungu la wodwalayo lida ndi kusweka ngati lapsa ndi moto, makamaka pa manja, pa mapazi ndi m'khosi, pamene paomba dzuwa. M'mimba mutseguka kosaleka. Kenaka nzeru zisokonezeka, ndipo akapanda kuthandizidwa, imfa itsata.

Kuno kwathu nthendayi inalembedwa ndi sing'anga wa Boma, Hugh Stannus, amene anaipeza pakati pa andende a m'ndende yaikuru ya ku Zomba, nafalitsa zimene anaziona m'zaka za 1912 ndi 1913. Andende alibe dimba kapena thengo lokachera ndiwo. Adya za muyeso zimene awapatsa, zosasinthasintha. Masiku amenewo asing'anga anali kutsutsana za gwero la nthendayi, ena nati ndi ululu wa cimanga cobvunda, ena nati ndi tizirombo topatsirana. Mlandu unadulidwa ku Amerika. M'caka ca 1915 Joseph Goldberger anayesa andende 11 athanzi ku Mississippi, amene anabvomera kudya za ufa wa cimanga ndi zina zokhutitsa, opanda nyama kapena mkaka. Itapita miyezi isanu, 6 a iwo anaoneka ndi nthendayo. Anthu awa sanagone ndi njala ngakhale tsiku limodzi. Ndipo m'caka ca 1937 Conrad Elvehjem anasonyeza kuti cosowaco ndi niacin.

Pa nyengo yomweyo panaululika nthenda yina, ya ana. Sing'anga wamkazi Cicely Williams, pogwira nchito ku Accra m'dziko limene lero lichedwa Ghana, anaona ana otupa miyendo ndi nkhope, a tsitsi lofiira ndi lonyonyoka, a khungu losupuka, osafuna kusewera. Analemba za iwo m'caka ca 1933, ndipo m'caka ca 1935 anaicha nthendayo dzina limene anamva kwa eni dziko, kwashiorkor, ndiyo nthenda ya mwana wocotsedwa kubere cifukwa ca kudza kwa mng'ono wace. Agogo athu anaidziwa nthenda yomweyi, nanena za mwana wotumbidwa. Ena anaiyesa tsempho, natola mlandu pa makolo a mwanayo. Williams anaona kuti ana awa analeredwa ndi phala la cimanga lokha, ndi kuti ena anacira atapatsidwa mkaka. Phala la madzi ndi mcere lidzaza kamimba ka mwana, koma mwa ilo mulibe zokwanira kumanga mnofu ndi magazi.

M'zaka za 1938 ndi 1939 kunafika m'dziko lino gulu la ofufuza za zakudya, mtsogoleri wao ndiye sing'anga B. S. Platt. Anakhala m'midzi itatu ya m'boma la Nkhotakota, wina wa kumapiri, wina wa m'tsinde mwa mapiri, ndi wina wa kunyanja, kumene anthu adya kondowole ndi nsomba. Anayesa pa sikelo ufa ndi ndiwo za m'mabanja, nayesanso anthu eni ace. Anapeza kuti cakudya cicepa koposa pa nyengo ya dzinja, pamene nchito ya khasu ikula, ndi kuti mafuta ndi za nyama zinali zocepa m'mbale zambiri. Mmodzi wa gululo, Jessie Williamson, anasonkhanitsa maina ndi nchito za zomera zathu, nazilemba m'buku limene linasindikizidwa m'caka ca 1955. Momwemo bonongwe, luni, cisoso ndi denje, zimene ena a ife tizinyoza kuti ndi ndiwo za osauka, zinawerengedwa pakati pa cuma ca dziko.

Wina angati izi nzakale. Koma akumbukire caka ca 1990, pamene abale athu a ku Mozambique othawa nkhondo anali m'dziko lino mazanamazana ambiri, nalandira phoso la ufa wa cimanga, nyemba, mafuta ndi mtedza. Mtedza utaleka kufika kwa miyezi ingapo, anthu oposa 18,000 anadwala pellagra m'cigawo ca kumwera m'caka cimeneco, ndipo akazi anacuruka koposa amuna. Ofufuza anapeza kuti amene anali ndi dimba, kapena anadya mtedza kapena nsomba tsiku ndi tsiku, ndiwo anapulumuka kawirikawiri. Mliri unatha mtedza utabwerera, ndi pamene anayamba kuthira niacin mu ufa ndi kugawa mavitamini. Kamtedza ka m'dzanja limodzi kanalekanitsa wamoyo ndi wodwala. Akuru anati mutu umodzi susenza denga. Momwemonso cimanga cokha sicisenza thupi la munthu.

Tsono tifike ku masiku athu ano, pamene bvuto lakale lija labvala nkhope yatsopano. Kale shuga ndi mafuta ophikira zinali za pa Krisimasi. Koma kuyambira pamene minda ya nzimbe inatsegulidwa ku Nchalo m'zaka za m'ma 1960, ndi ku Dwangwa m'zaka za m'ma 1970, shuga wafika m'sitolo ya m'mudzi uli wonse. Mandasi, zitumbuwa, mbatata yokazinga, buledi woyera ndi zakumwa za m'mabotolo zigulitsidwa pa msika ndi pa khomo la sukulu. Cigayo calanda nchito ya mtondo, ndipo ambiri a m'tauni agwira nchito ali cikhalire. Ufa woyera tiukonda koposa mgaiwa, cinkana pokonola ndi pobviika mphale ticotsa madeya ndi mtima wa njere, m'mene muli mafuta ndi mavitamini, ndi kuzitayira nkhuku.

Zipatso za kusintha uku zawerengedwa. M'caka ca 1992 akazi 10 mwa 100 ali onse a msinkhu wobala m'Malawi anali olemera thupi koposa muyeso. Pa kawerengedwe ka 2015 ndi 2016 anafika 21 mwa 100. Kawerengedwe komweko kanapeza kuti ana 37 mwa 100 osafika zaka zisanu anali opinimbira. Potero m'mudzi umodzi, ngakhale m'nyumba imodzi, mungapezeke mai wonenepa ndi mwana wosakula, onse awiri okhuta nsima, onse awiri osowa ndiwo. Ndipo m'caka ca 2009 Unduna wa Zaumoyo pamodzi ndi bungwe la World Health Organization unayesa anthu a zaka 25 kufikira 64, nupeza kuti mmodzi mwa atatu anali ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, ndi ngati 6 mwa 100 anali ndi nthenda ya shuga. Ambiri ndithu a iwo sanadziwe kuti akudwala, pakuti cakudza siciyimba ng'oma.

Macitidwe ace a nthenda izi ndi otere. Nsima ya ufa woyera, buledi ndi zotsekemera zisanduka shuga m'magazi msanga. Thupi litengako zofunika pa nchito, ndipo zotsala lizisunga ngati mafuta, makamaka pamimba. Mafutawo akacuruka alepheretsa insulini, ndiyo mankhwala opangidwa m'thupi momwe otsegulira shuga njira yolowa m'minofu. Pamenepo shuga atsalira m'magazi, naononga maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi, kotero kuti kacironda kakang'ono sikapola. Thupi lolemera litopetsa mtima ndi maondo. Ndipo likaphatikana ndi mcere wambiri, magazi athamanga mwamphamvu, kufikira tsiku lina mtsempha wa m'ubongo utseka kapena kuphulika, munthu nafa ziwalo mbali imodzi.

Cobvuta ncakuti ife tizolowera kuyamika kunenepa. Mkazi akanenepa titi akusungidwa bwino, mwamuna akaturuka mimba titi zinthu zikumuyendera. Ndipo zaka zija mliri wa Edzi unakula, munthu wowonda analozedwa zala. Pa nthawi ya njala maganizo awa anali ndi cifukwa cace. Lero atinyenga, monga kukhuta kunanyenga alimi a ku Asturias.

Alangizi a zaumoyo atiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za nyemba, za nyama, masamba, zipatso ndi mafuta. Wowerenga mbiri iyi adzazindikira kuti ndiwo munda uja anauona Livingstone, tikauphatikiza ndi za m'nyanja ndi za m'thengo. Cifukwa cace pobzala caka cino tisiyeko mizere ya mtedza, khobwe ndi nzama. Tifutse nkhwani ndi khwanya za pa malimwe. Tisagulitse mtedza ndi mazira onse ndi kugula nazo shuga. M'phala la mwana tithiremo nsinjiro, kapena usipa wosinja, kapena soya monga acita ndi Likuni Phala. Ife akuru tibwerere ku mgaiwa, ticepetse mitanda ya nsima, mcere ndi shuga wa mu tiyi, ticurukitse ndiwo. Ndipo amene afika zaka 40 apite ku cipatala kukayezetsa magazi angakhale samva kupweteka.

Mpingo uli ndi mbali yace pa nchito iyi. Buku la Danieli litiuza za anyamata a ku Yuda amene anakana zonona za pa gome la mfumu ya ku Babulo, nadya zomera ndi kumwa madzi masiku khumi, ndipo anaoneka athanzi koposa anzao. Amai a Mvano ndi a Cigwirizano, inu ndinu mugwira mthiko ndi cipande pa misonkhano, pa maukwati ndi pa maliro, ndipo zimene muika patsogolo pa abusa ndi alendo ndizo zimene mudzi wonse uyesa zaulemu. Mukalemekeza nkhwani yotendera ndi nyemba pa gome la alendo, atsikana oyang'ana kwa inu adzaphikira ana ao zomwezo osacita manyazi. Ndipo inu abambo, pogawa ndiwo madzulo ano, yambani mwaona mbale ya mwana wamng'ono ndi ya mai wace.