Batooro a ku Uganda: kumene mlendo amalonjeredwa ndi dzina

Batooro ndi mtundu wa anthu okhala kumadzulo kwa dziko la Uganda, m'tsinde mwa mapiri a Rwenzori. Likulu la ufumu wawo wa Tooro ndi Fort Portal, mzinda umene uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 300 kuchokera ku Kampala. Chiyankhulo chawo, Rutooro, ndi cha banja limodzi ndi Chichewa: munthu amamutchula kuti omuntu, anthu amati abantu. Kwa nthawi yaitali alendo ankangodutsa m'derali popita kukaona nyama m'nkhalango. Masiku ano ena amaima, n'kudya nawo, kuvina nawo ndi kulandira dzina lachitooro. Zimenezi zikubweretsa ndalama, komanso zikudzutsa funso lakuti mwambo ungaonetsedwe kwa alendo mpaka pati usanasanduke malonda.

Mbiri ya ufumu

Ufumu wa Tooro unayamba cha m'ma 1830 pamene Kaboyo Olimi I, mwana wa mfumu ya Bunyoro, anapatuka kwa bambo ake n'kudzilonga ufumu kum'mwera kwa dziko lawo. M'zaka za m'ma 1870 mfumu Kabalega ya Bunyoro inalandanso deralo. Mu 1891 Frederick Lugard, msilikali wa ku Britain amene zaka zitatu m'mbuyo mwake anavulazidwa pa nkhondo yolimbana ndi Mlozi ku Karonga, anaika Kasagama pa mpando. Dzina la mzindawo nalonso ndi la nthawi ya atsamunda: limachokera kwa Sir Gerald Portal, nthumwi ya boma la Britain.

Mu 1967 boma la Milton Obote linathetsa maufumu onse mu Uganda. Ena mwa iwo, kuphatikizapo wa Tooro, anabwezeretsedwa mu 1993 mu ulamuliro wa Yoweri Museveni, koma ngati osunga chikhalidwe chabe, opanda mphamvu pa ndale. Mfumu ya Batooro imatchedwa Omukama. Imene ilipo lero, Oyo Nyimba Kabamba Iguru Rukidi IV, inabadwa mu 1992 ndipo inalongedwa ufumu pa 12 September 1995 ili ndi zaka zitatu, bambo ake Patrick Kaboyo atamwalira. Inayamba kudzilamulira yokha mu 2010. Azakhali ake, Elizabeth Bagaya, ndi loya amene anakhalapo nduna yoona za ubale wa Uganda ndi mayiko ena mu 1974.

Empaako, dzina laulemu

Mwambo umene Batooro amadziwika nawo kwambiri ndi Empaako. Kuwonjezera pa mayina ake ena, munthu aliyense amapatsidwa limodzi mwa mayina 12 aulemu. Ena mwa iwo, monga Akiiki, Amooti, Abwooli, Adyeeri, Ateenyi ndi Atwoki, amapatsidwa kwa amuna ndi akazi omwe. Araali, Apuuli, Acaali ndi Bbala ndi a amuna okha, pamene Okaali ndi la mfumu yokha. Mwambowu umapezekanso pakati pa Banyoro, Batuku, Batagwenda ndi Banyabindi.

Dzinali limaperekedwa pakhomo patangopita masiku ochepa mwana atabadwa. Azakhali a kuchimuna amalandira khandalo n'kuliyang'anitsitsa kuti aone wachibale amene lafanana naye, kenako mkulu wa fuko amalengeza dzina. Achibale amadyera pamodzi nsima ya mawere ndi nyama ya ng'ombe yowamba, amapereka mphatso kwa mwanayo ndipo amadzala mtengo wa chikumbutso.

Empaako imagwira ntchito tsiku ndi tsiku. Anthu awiri akakumana koyamba amafunsana kuti "Empaako yaawe?", kutanthauza kuti "Dzina lanu laulemu ndi liti?", ndipo moni amayamba akadziwana mayinawo. Kuitana munthu ndi Empaako ndi chizindikiro cha chikondi, ulemu ndi kuthokoza. Pa mkangano, kutchula mnzako ndi dzinali kumaziziritsa mtima ndi kutsegula njira ya chiyanjano.

Mu 2013 bungwe la UNESCO linaika Empaako pa mndandanda wa miyambo yofunika kutetezedwa mwachangu. Zifukwa zake zinali zakuti miyambo yotchula mayina ikuchepa m'mabanja ndipo chiyankhulo chimene chimanyamula mwambowu chikuyankhulidwa mochepa. Bungwe la Engabu Za Tooro la ku Fort Portal ndilo latsogolera ntchito yolemba ndi kutsitsimutsa mwambowu. Mu 2015 nthano za Koogere, mfumu yachikazi yanzeru ya ku Busongora imene Batooro nawonso amaisimba, zinalowa pa mndandanda womwewo.

Zimene mlendo amaona ndi kuchita

Pamwamba pa phiri la Kabarole pali nyumba yachifumu yozungulira yotchedwa Karuziika. Inaonongeka maufumu atathetsedwa, ndipo inakonzedwanso ndi thandizo la Muammar Gaddafi wa ku Libya. Kunja pang'ono kwa mzinda kuli manda a mafumu a Karambi, kumene kunaikidwa Kasagama ndi mafumu ena, ndipo kumasungidwa ng'oma ndi mikondo yawo. Chaka chilichonse mu September kumachitika Empango, chikumbutso cha kulongedwa ufumu kwa Omukama, pamene ng'oma zachifumu ndi malipenga otchedwa amakondere zimamveka pabwalo la nyumbayo.

Ku Nyakasura kuli mapanga otchedwa Amabere ga Nyina Mwiru, kutanthauza "mabere a Nyinamwiru". Nthano imati mfumu Bukuku, atauzidwa kuti mdzukulu wake adzamulanda ufumu, anadula mabere a mwana wake wamkazi Nyinamwiru. Ngakhale zinali tero mtsikanayo anabereka Ndahura, amene anakula ndi mkaka wodontha m'phangamo ndipo anadzakhala mfumu yoyamba ya Bachwezi. Akatswiri a miyala amafotokoza kuti "maberewo" ndi miyala ya laimu yopangika ndi madzi odontha, ndipo laimuyo ndi amene amayeretsa madziwo ngati mkaka.

M'midzi alendo amalawa firinda, ndiwo ya nyemba zosenda makoko n'kuzipota, imene amadyera nsima ya mawere. Amaoneranso gule wa Runyege, momwe amuna amamanga maseche m'miyendo ndipo akazi amavina ndi chiuno. Kale guleyu ankapereka mpata kwa anyamata ndi atsikana woti aonane ndi kusankhana. Derali lilinso ndi minda ya tiyi ndi nyanja zing'onozing'ono zokhala m'mabowo a mapiri amene anaphulika kalekale, monga Nkuruba ndi Nyinambuga.

Phindu ndi chiopsezo

Pa 1 July 2020 boma la Uganda linakweza Fort Portal kukhala mzinda, ndipo limautchula kuti mzinda wa zokopa alendo. Chimene chimakoka alendo ambiri ndi nkhalango ya Kibale, yodziwika ndi achimpanzi ndiponso mitundu 13 ya nyama za m'gulu la anyani. Chitsanzo cha mmene ndalama za alendo zingatsalire kumudzi chili ku Bigodi, m'malire mwa nkhalangoyi. Kumeneko bungwe la anthu a m'deralo lotchedwa KAFRED, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, limayendetsa alendo m'dambo ndi m'midzi, ndipo ndalamazo zathandiza kumanga sukulu ya sekondale.

Chiopsezo chagona pa Empaako yomweyo. Kupatsa mlendo dzina ndi njira yachitooro yomulandirira, koma dzina loperekedwa m'mphindi zochepa pa hotelo silifanana ndi limene azakhali ndi mkulu wa fuko amasankha pakhomo. Alendo angabweretse ndalama zolipirira ovina, ophika ndi osunga manda a mafumu. Ntchito yoyankhula Rutooro ndi ana ndi kusonkhana kudzatchula dzina la khanda yatsala m'manja mwa mabanja a Batooro eni ake.