Mbiri ya Dzina la Tuntufye

M'boma la Chitipa, limene kale linkatchedwa Fort Hill, muli anthu a zilankhulo zambiri, monga Alambya, Andali, Asukwa ndi Anyiha. Pakati pa mayina a ana aamuna kumeneko pali lina limene silimveka kawirikawiri ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Dzinalo ndi Tuntufye.

Dzinali ndi la chilankhulo cha Angonde a ku Karonga ndi Anyakyusa a kutsidya kwa mtsinje wa Songwe. Tanthauzo lake ndi lakuti "Timutamande", ndipo wotamandidwayo ndiye Kyala, ndiko kunena kuti Mulungu. Mayina otere anachuluka Chikhristu chitafika, pakuti amishoni a Livingstonia anagwira ntchito kumpoto kwa nyanja, ndipo a Moravian anamanga ku Rungwe mu 1891. Tsono makolo Achikhristu anapeza mayina oyamika Mulungu m'chilankhulo chawochawo.

Vuto linabuka anyamatawa atapita kumwera kukaphunzira ndi kukagwira ntchito, makamaka Chichewa chitakhala chilankhulo cha dziko mu 1968. Mchewa sazolowera "nt" wopanda mpweya, kotero amati "Tunthu". "Fye" namulemeranso lilime, nati "fe". Komatu "n" ameneyu ndi "mu" wofupikitsidwa, ndipo ndiye amaloza kwa Mulungu. Katchulidwe kake n'kotere: Tu-n-tu-fye.

Chifukwa chake mphunzitsi kapena kalaliki polemba dzinali ayenera kufunsa mwini wake poyamba. Wolipotoza wafafaniza pemphero limene makolo anapereka tsiku lobadwa mwana wawo.