Anzathu Amene Anatuluka Pachipata Nthawi Isanakwane

Anzanga ophunzira akale, tikakumana pamsonkhano wathu wapachaka timakonda kukumbutsana za amene anakhoza bwino mayeso napita ku Chancellor College kapena ku Polytechnic. Koma lero ndifuna tikumbukire anzathu aja amene anasenza masutikesi awo pakati pa teremu, atalandira kalata yowachotsa sukulu.

M'chaka cha 1997, ndili Fomu 2, kunabuka chipolowe chifukwa cha nyemba zofumbwa, ndipo magalasi a chipinda chodyera anaswedwa. Anyamata angapo anauzidwa kuti akapume kwawo masabata awiri, koma mnzanga amene ndinkagona naye chipinda chimodzi anachotsedweratu. Ndinamperekeza mpaka pamsewu, ndipo funso limene anandifunsa silinandichokebe m'mutu: tsono ine ndikalowera kuti?

Yankho la funso limeneli lili ndi mbiri yake. Dziko lathu litangolandira ufulu wodzilamulira, malo m'sukulu za sekondale anali ochepa zedi. Choncho m'chaka cha 1965 boma linakhazikitsa Malawi Correspondence College, imene ambiri ankangoitchula kuti MCC, kuti amene sanasankhidwe aziphunzira kudzera m'makalata ndi pa wailesi ya MBC. M'chaka cha 1987 dzina lake linasintha n'kukhala Malawi College of Distance Education. Ngakhale cholinga chake chinali kuthandiza osasankhidwa, khomo lomwelo ndilo linkalandiranso ambiri ochotsedwa sukulu. Tisanamizane, ife a sukulu zogonera konko tinkawaderera. Tinkaseka kuti amaphunzitsidwa ndi aphunzitsi a kupulayimale ndiponso kuti alibe zipangizo za sayansi. Zinalidi zoona, komabe kumeneko n'kumene mnzanga uja anakayambiranso. M'chaka cha 1998 boma linalamula kuti malo ophunzirira oterewa asanduke Community Day Secondary Schools, ndipo iye analemba mayeso a MSCE pa imodzi mwa sukulu zimenezi.

Kwa atsikana zinthu zinali zowawa koposa. Chisanafike chaka cha 1993, mtsikana akapezeka ndi pathupi sukulu inkathera pomwepo. M'chaka chimenecho, panthawi ya ntchito ya GABLE yolimbikitsa maphunziro a atsikana imene inkathandizidwa ndi USAID, Unduna wa Zamaphunziro unalola kuti mtsikana wotere azipuma chaka chimodzi kenaka n'kubwerera, ndipo mnyamata wompatsa pathupi, ngati anali mwana wasukulu, naye azipuma chimodzimodzi. Lamulo linasintha papepala, koma mitima ya anthu inachedwa kusintha. Ambiri a ife tikukumbukira mmene tinkanong'onezana mayi wachichepere akalowa m'kalasi, mpaka ena ankangosiyanso chifukwa cha manyazi.

Panalinso njira ina imene aphunzitsi ankatiopseza nayo: Mpemba ku Blantyre ndi Chilwa ku Zomba. Kumeneku sikunkapita wongochita mwano m'kalasi ayi, koma ana olakwira malamulo a dziko, ndipo ankaphunzitsidwako sukulu pamodzi ndi ntchito zamanja. M'chaka cha 2010 Nyumba ya Malamulo inavomereza Child Care, Protection and Justice Act, lamulo lotsindika kuti mwana wolakwa ayenera kuwongoleredwa koposa kulangidwa.

Nawo maphunziro aulere a kupulayimale, amene anayamba mu 1994, anadzaza makalasi, koma ana ambiri ankasiyira panjira. N'chifukwa chake mu 2006 kunayamba Complementary Basic Education, yophunzitsa ana a zaka 9 mpaka 17 amene anasiya sukulu kuti athe kubwereranso m'kalasi.

Pazaka zimene ndagwira ntchito m'boma ndaona kuti kalata yochotsa mwana imalembedwa tsiku limodzi, koma njira yobwerera imatenga zaka. Mnzanga uja lero ndi mphunzitsi, koma pamisonkhano yathu sabwera, poti akuti iye sanamalize nafe. Kodi bungwe lathuli ndi la okhawo amene anafika Fomu 4?

Pempho langa ku komiti ndi lakuti pamsonkhano ukudzawu tikambirane zinthu ziwiri: kulandira ngati mamembala onse amene anakhalapo pasukulu yathu, ndiponso kupatula gawo la thumba lathu lolipirira fizi kuti lithandize ana obwerera kusukulu. Paja akulu anati mwana wamnzako ngwako yemwe.